Manja Obwereka

Akuti kuli mtsikana wina amene anapha mwana wa mchemwali wake ndi manja okha. Mwina nanunso mwaimvako. Ine ndinayamba kuimva pamjigo, m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu, ndipo kumeneko mtsikanayo anali wamfupi, wakuda bii. Kutauni ina ya fumbi ndinakaipeza itandipitirira, itakhala kale pansi pakati pa amayi ogulitsa tomato, koma uko mtsikanayo anali atatalika. Kwina akuti anapenga, akuyenda atabereka dzungu kumsana. Ine nkhani za eni ndimazikonda, sindingakunamizeni, ndiye ndimakhala nawo pansi n'kumafunsa kuti kenako zinatha bwanji. Amandiuza. Palibe amene amandiyang'ana manja.

Koma tiyambire pa mchere.

Kwathu amati munthu wamkulu amatentha. Akagona ndi mnzake amatentha, mayi akakhala kumwezi amatenthanso. Mwana amene sanakule ndi wozizira, chimodzimodzi khanda ndi wodwala. Wotentha akathira mchere m'ndiwo za wozizira, kapena akamunyamula, amamudula. Mwana amayamba kutsokomola, miyendo n'kutupa, ndipo matendawo amati tsempho. Sukulu ine ndinalekezera pomwe amayamba kulemba ndi bolopeni, koma izi ndinazidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Ndinachedwa kukula. Anzanga onse anagwa m'dothi, n'kuvinidwa, ena mpaka kubereka, ine ndili chikhalire ngati thabwa. Amayi atamwalira, azakhali anaona kuti kuchedwa kwangako ndi ntchito. Anayamba kundibwereketsa monga amabwereketsera lichero.

Koyamba ananditumiza kumudzi wina kutsidya la mtsinje, kwa mayi wina amene anali ndi khanda. Anandiimika pakhomo n'kundifunsa ngati manja anga anali ozizira. Ndinavomera. Anandilozera chitini cha mchere ndi chibwano. Ntchito inali yomweyo, kutapa n'kuthira, koma ndinaphunzira msanga kuti wothira mchere amadziwa zonse. Mayi akandiitana, ndinkadziwa zimene zachitika m'nyumba mwake. Posakhalitsa mudzi wonse unkandiitana. Panali mayi wina amene mwamuna wake anali ku Joni chaka chonse, koma iye ankandiitanabe kawirikawiri, mwakachetechete, kuseri kwa bafa. Nkhani imeneyo ndinaisunga mpaka madzulo a tsiku lomwelo.

Kenako ndinapezeka ndili kuesiteti ya fodya. Sindikumbuka kuti ndinakwera chiyani. Akapitawo anandiimika pafupi ndi nazale n'kufunsa funso lomwe lija, koma iwo anayang'ana kumbali pofunsa. Njere za fodya n'zazing'ono ngati fumbi. Amazithira mukeni ya madzi, iwe n'kumathirira dothi lopanda kanthu, osaona chimene wafesa. Ndinkapita kukasuzumira pansi pa udzu umene anaphimbira, koma anandichotsako zisanamere.

Kutauni ina yaing'ono anandipatsa chikuni kuti ndiyatse uvuni wa njerwa. Anandifunsa, ndinavomera, ndinayatsa. Njerwa zinapsa mbali imodzi, zina n'kusweka. Ndinamva oumba akunong'onezana kuti nkhuni zinali zaziwisi, koma mwini uvuni atabwera onse anayang'ana ine. Mkazi wake ananditengera kuseri n'kundivula kuti aone ngati ndinanama. Sanapeze kanthu, koma sanapepese. Kumeneko ndinaphunzira kuti chinthu chikawonongeka, anthu amayang'ana manja amene anachikhudza pomaliza.

Uthenga wa achemwali anga, a Enelesi, unandipeza ndili komweko. Mwana wawo Sungeni, amene anali atangoyamba kukwawa, anamutumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda, chija cha ana okhaokha. Akuti ndibwere msanga, ndipo ndisaime paliponse.

Chipatalacho chinali ndi makonde aatali obwerera mwa iwo okha, makoma ojambulidwa njovu zomwetulira. Kumapeto kwenikweni kunali chitseko cha wodi ya ana odwala mwakayakaya, ndipo pakhomo pake panali mulu wa mapatapata. Achemwali ndinawapeza atakhala pafupi ndi muluwo, mapatapata awo ali kuphazi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanafunse za ulendo.

"Manja ako akadali ozizira?"

"Eya, achemwali."

"Lowa."

Anandilandira anesi ena onenepa, oyenda pang'onopang'ono, amene aliyense ankawatchula a Nangondo. Anandivula mapatapata, kundisambitsa manja mpaka m'zigongono, kundiveka gauni imene inkakwekwereza pansi. M'katimo munkalira makina mbali zonse, aliwonse ndi kaliridwe kake, ngati achule a m'dambo. Sungeni anali pakabedi kapakati, timapaipi tili m'mphuno ndi padzanja, chifuwa chikulowa m'kati ngati wina akuchikoka ndi chingwe. Pafupi ndi bedi lililonse panali mpando. Pa mipando inayo panali amayi, pena abambo. Wa Sungeni unali wopanda munthu.

A Nangondo anandiuza kuti mpandowo si wa alendo, ndi mbali ya mankhwala. Anati muno mwana sasiyidwa ndi makina okha, m'bale wake amakhala pompo, kumupukuta, kumudyetsa, kumugwira ndi kumulankhula, chifukwa ngakhale atatseka maso amamva. Anafunsa kuti ndine ndani wake. Ndinati ndine mayi ake aang'ono. Anandiyang'ana pachifuwa pathyathyathya n'kunena kuti aang'ono zedi, koma khala.

Kukhitchini ya magadiyani, kumene achibale a odwala amaphika ndi kugona, nkhani ya achemwali inali itapsa kale. Ankati alamu anga, a Dinala, amene amayenda ndi malole, anadula mwana ndi mkazi wina wa pabotolositolo. Ena ankamudziwa mkaziyo mpaka mtundu wa wigi yake. Ine ndinaitolera yonse n'kukaipereka kwa achemwali pamene tinkayanika zovala, ndikuyesa kuti ndawabweretsera chinthu. Anapitiriza kufinya thewera lomwe linali litauma kale. Kenako anandiuza motsitsa mawu kuti kulibe mkazi wa wigi. Alamu anabwera kuulendo atakhalitsa, mwana ali ndi kachifuwa kochepa, ndipo iwo anati n'kachifuwa wamba. Achemwali sanadikire kuti mwana achire, anagona ndi amuna awo. Alamu atangonyamukanso, Sungeni anayamba kubanika.

"Ndinamudula ndine," anatero. "Mpaka bambo ake abwere tichite mankhwala tonse awiri, ine sindimukhudza. Ndingamumalize."

Alamu anali kuchipata cha dziko lina, lole itaima pamzere, foni yawo ikungolankhula mzungu. Nkhani imene achemwali anandiululirayi ndiyo yokhayo imene ndinaisunga, ndipo inkandilemera ngati mwala m'kamwa.

Masiku a m'wodimo anali ngati tsiku limodzi lobwerezabwereza. Achemwali ankakama mkaka wawo m'kapu panja pa chitseko, ine n'kulowa nawo. A Nangondo anandiphunzitsa kuukoka ndi sirinji yopanda singano n'kuulowetsa m'kapaipi ka m'mphuno pang'onopang'ono, monga ndinkathirira nazale ija. M'mawa madokotala ankazungulira mabedi, ndipo asanayang'ane makina ankayamba kufunsa wa pampando kuti mwana wamuona bwanji. Ine ndikayamba kuyankha sindinkaima. Ndinkafika mpaka pa za mwana wa bedi loyandikana ndi apongozi a mayi ake. Dokotala wina wamng'ono wa magalasi ankaseka n'kunena kuti akanakhala ndi ine m'wodi iliyonse, sakanafuna wailesi.

A Nangondo anati ndizimulankhula Sungeni. Nyimbo sindidziwa zambiri, mapemphero ndimasokoneza. Ndiye ndinkamuuza zimene ndinali nazo. Ndinkaika pakamwa pafupi ndi khutu lake n'kumuuza za mayi wa mwamuna wa ku Joni uja, za mlonda wa pageti amene ankafunsira magadiyani awiri nthawi imodzi, za amayi ena amene ankabisa nyama pansi pa nkhwani kuti anzawo asawapemphe. Bambo wina wa bedi la pakona ankaimbira mwana wake nyimbo za kutchalitchi ndi besi yonong'ona, ine kuno ndikugawa miseche. Koma Sungeni ankandigwira chala. Nthawi zina makina ake ankatsitsa liwiro, a Nangondo n'kunena akudutsa kuti pitiriza, nkhaniyo waikonda.

Tsiku lililonse a Nangondo ankatuluka kukaima pa mulu wa mapatapata uja. Sankakalipa.

"Amake Sungeni, mwana wanu ali ndi chibayo. Za tsempho nanenso ndinazimva ndisanavale yunifolomu, sindikukusekani. Koma lowani. Mukhale pampando, manja muwapinde. Angomva fungo lanu."

"Fungo nalonso limatentha, anesi."

"Nanga mkaka uwu ukuchokera mwa yani?"

Achemwali ankangondipatsira kapu.

A Nangondo anapempha chitenje chawo kuti achiike kumutu kwa mwana. Achemwali anachipereka, koma atachichapa kaye ndi sopo mpaka sichinkanunkhanso munthu. A Nangondo anachinunkhiza, n'kupuma mozama, n'kuchiyala chomwecho. Kenako anaitana anzawo, anakankha bedi ndi makina ake onse mpaka pazenera. Panja pa zeneralo panali maluwa ouma. Achemwali anapeza njerwa, anaiika pakati pa maluwawo, ndipo kuyambira pamenepo ankaima panjerwapo, chipumi chili pagalasi, manja ali kumbuyo. Dzuwa linkawaotcha m'khosi. Ndikatembenuza mutu wa Sungeni kuti uyang'ane kuzenera, ankagwedeza milomo, koma galasi silinkalola mawu.

Ana ena ankachira. Ankawachotsa timapaipi, amayi awo n'kutitsanzika akuseka, ndipo pabedipo pankabwera wina. Ena ankawatsekera katani. Tonse a pamipando tinkadziwa tanthauzo la katani, ndipo ikatsekedwa aliyense ankagwira mwana wake.

M'mawa wina ndikusamba ndinaona magazi. Poyamba ndinayesa kuti ndadzicheka. Kenako ndinakhala pansi m'bafamo, madzi akundithira kumsana. Chinthu chimene ndinachidikira zaka zonse zija chinasankha malo amenewa.

Ndinapita kwa a Nangondo chifukwa kunalibe wina. Ananditengera kukachipinda kawo, anandipatsa mapadi, n'kundionetsa kavalidwe kake. Anandigwira tsaya n'kunena kuti wakula, mwanawe, si mlandu. Ndinafunsa ngati ndiwauze achemwali. Anati kukulako n'kwanga, ndiuze amene ndikufuna, koma kwa iwo manja anga ndi omwe aja a dzulo, bola ndiwasambe.

M'mawa womwewo madokotala anakhalitsa pabedi pa Sungeni. Wa magalasi uja sanaseke. Anati mwana watopa, abale ake asapite patali.

Ndinakhala pampando, manja ndili nditawakhalira. Ndinayang'ana kuzenera, achemwali ali panjerwa pawo. Ndiye maganizo anandibwerera, ndipo anaoneka abwino kwambiri. Ndinati ndikawauza, manja ozizira atha. Sipakhalanso wowaimirira. Adzayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti mwana ali yekha, ndipo mayi ndi mayi, adzavula mapatapata. Ndinaganiza choncho. Komanso, kunena zoona, nkhani yaikulu chotere yokhudza ine mwini inali isanandigwerepo, ndipo pakamwa pankandiyabwa.

Ndinazungulira kuseri, ndinaponda maluwa ouma aja, n'kuwauza. Anatsika panjerwa. Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. Sanandikalipire. Anandikonza kolala ya bulauzi ndi nsonga za zala, monga ankachitira amayi.

"Wamukhudza lero?"

"Ayi. Achemwali, lowani inuyo tsopano. Palibenso wina."

"Usamukhudze. Ndikubwera."

Ndinawaona akupita kukhitchini ya magadiyani. Ndinamva pambuyo pake kuti anayenda mphasa ndi mphasa kufuna mwana wosakula kapena mayi wokalamba amene anasiya kumwezi. Ana kumeneko saloledwa, ndipo okalamba onse anali ndi odwala awo. Ndiye anatuluka pageti, kulowera kumsika.

Dzuwa litapendeka, makina a Sungeni anasintha kaliridwe. Anthu anabwera mothamanga, anandisuntha ndi mpando womwe. Ndinkangoona misana. Patapita nthawi misana ija inawongoka, ndipo wina anakoka katani. A Nangondo anafunsa kumene kunali mayi. Ndinaloza kuzenera, koma panali njerwa yokha. Anatuma munthu kukhitchini, wina kugeti. Dokotala wa magalasi anagwada kuti nkhope yake ifanane ndi yanga, n'kundiuza ndi mawu osavuta kuti ayesa zonse, mtima wa mwana ukuima, ndipo chatsala n'chakuti asapite akumva ululu kapena ali yekha.

A Nangondo ananyowetsa thonje n'kuyamba kumatula mapulasitala pamasaya a Sungeni, pang'onopang'ono, ngati angamupweteke. Anachotsa timapaipi. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi kamphuno ka amayi athu. Anamukulunga m'chitenje chochapidwa chija n'kutembenukira kwa ine.

"Mlandire."

"Anesi, anandiletsa. Ine ndatentha."

"Muno mwana sachoka ali yekha pabedi. Ndikhoza kumunyamula ine, koma mawu anga sawadziwa. Mlandire, mayi wamng'ono."

Ndinayang'ananso kuzenera. Ndinatambasula manja.

Anali wopepuka kuposa kapu ya mkaka ija. Ndinafuna kumuuza nkhani, koma zonse zinali zitandithawa, za mlonda, za wigi, za nyama ya pansi pa nkhwani. Ndinangomuuza kuti amayi ako akubwera, angopita apa pamsika. Ndinabwereza zomwezo. Kuseri kwa katani bambo wa besi uja anayamba kuimba motsitsa. Sindikudziwa pamene Sungeni analekera kumva. A Nangondo anaika dzanja paphewa panga, ndipo ndinadziwa.

Achemwali anafika ndikadali pampando. Anatsegula katani atagwira padzanja kamtsikana kena kakang'ono, kovala diresi lothimbirira, kakudya chitumbuwa. Kumbuyo kwawo kunali mayi ake a kamtsikanako, ogulitsa nthochi, amene anavomera kukabwereketsa achemwali atawagwadira pakati pa msika. Aka kanali koyamba achemwali kulowa m'wodimo. Mapatapata anali kuphazi, ndipo palibe anawauza kuti avule.

Anayang'ana mwana, anayang'ana manja anga. Mayi wa nthochi nayenso anayang'ana manja anga. Kamtsikana kaja kanapitiriza kutafuna.

Kenako achemwali anawerama n'kumutenga. Wakufa sadulidwa. Anamuika pachifuwa, anamununkhiza m'khosi, anamupsompsona zikope, zala, mapazi, malo onse amene panali mapulasitala. A Nangondo anandinyamutsa pampando n'kuwakhazikapo. Anakhalapo mpaka dzuwa linachoka pazenera, ndipo palibe anawafulumizitsa.

Popita kumudzi anamubereka kumsana n'kumufunditsa mpaka kumutu, monga amachitira anthu akasowa galimoto ya maliro. M'minibasi mayi wina anayamikira kuti mwanayu ndi wofatsa, njira yonseyi osalira. Achemwali anavomera ndi mutu. Dzanja lawo linali kumbuyo, likumusisita pansi pa mbereko, osaleka, kuchokera mumzinda mpaka pomwe tinatsikira.

Alamu anafika titaika kale, mizu ya mankhwala ili m'thumba la jekete. Pamaliro nkhani ya mkazi wa wigi inazimiririka, n'kubwera ina. Sindikudziwa amene anainyamula, kaya mayi wa nthochi, kaya magadiyani, kaya inangokwera nafe minibasi. Ankati mtsikanayo ananyamula mwana ali kumwezi. Achemwali sanandinenepo, koma sananditsutsirenso. Akanatsutsa, anthu akanafunsa kuti nanga anamudula ndani. Ndinkawaona akufuna kulankhula nane, n'kutembenuka kukatola chinthu chimene sichinagwe. Azakhali anandilanga za chinamwali mwachidule, popanda ng'oma, ndipo m'mawa wina ndinamanga kachikwama kanga.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyenda, koma tsopano palibe amandibwereka. Ndinadutsa paesiteti ija, kapena ina yofanana nayo, fodya atatalika kundiposa. Sindinadziwe ngati ndi yemwe ndinafesa. Pamene panali uvuni paja pali nyumba, yomangidwa ndi njerwa zosweka zomwezo, ndipo anthu akugonamo bwinobwino. Kumudzi wa kutsidya la mtsinje ndinaona kamtsikana kena kakutuluka m'nyumba kakunyambita mchere kuzala. Ndinafuna kukaitana, koma sindinadziwe chokauza. Ndagulitsako mandasi, ndalerako ana a eni kumene safunsa mafunso, ndipo pano ndimatsuka mbale pamalo ena odyera, pamene mchere amauika patebulo, aliyense n'kudzithirira yekha.

Nthawi zina ndikamatsuka, madzi akafika m'zigongono, ndimapezeka ndili m'makonde aja, njovu zikumwetulira. Ndimafika pa mulu wa mapatapata, ndimatsegula chitseko. Mpando umakhala pomwepo. Pazenera pamakhala chipumi. Ine ndimakhala pansi, ndatseka pakamwa, ndipo tsiku lonse limadutsa choncho, mwana ali m'manja mwanga, mayi ake akumuyang'ana mpaka mapeto. Kukanakhala kuonera pagalasi chabe, ndikudziwa. Koma Sungeni akanatembenuzira mutu kumeneko n'kupezako nkhope, osati njerwa. Nthawi zina zimatha mwanjira ina. Ndimawauza, ndipo amavula mapatapata n'kulowa, monga ndinkaganizira. Kenako mwini malo amandiitana kuti mbale zatha patebulo.

Ine ndinafalitsa nkhani za anthu ambiri, zina zoona, zina zothira mchere, ndipo palibe imene inandibwerera. Yandibwerera ndi yokhayo imene inali yanga, yoona, yonenedwa kwa munthu mmodzi ndi mtima wabwino. Ndiye mukadzaimva pamjigo, musavutike kuitsutsa, inakula kale kundiposa. Ingondiuzani ichi, poti ine ndayenda nacho mokwanira. Mukanakhala inu pampando paja, manja mutawakhalira, mchemwali wanu ali panjerwa kunja kwa galasi, mukanamuuza?